Mitolo Itatu ya Nkhuni

Galimoto ija ndinaimva isanaoneke. Tayala lophwa likamagudubuzika pa miyala limalira mwa mtundu wakewake, ndipo ine amene ndamata matayala pa msewu wa Dempster zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi ndimalizindikira ngakhale ndili m'bafa. Linali Lachisanu m'mawa, kumapeto kwa Seputembala. Alendo anali atatha, udzudzu utafa, ndipo msana wanga unali utandiuza kale kuti chaka chino ndiye chomaliza. Umandiuza choncho chaka chilichonse.

Ndine Dolores Beaulieu. Malo athu amatchedwa Pa Khwangwala: pampu imodzi ya petulo, galaja yanga, khitchini ya Winnie ndi tizipinda togona. Msewu ndi umodzi womwewu. Aliyense wopita kumpoto amabwereranso pakhomo panga, afune asafune.

Chiphapha chobiriwira chija chitakhotera pabwalo ndinachikumbukira. Chinafika Lachiwiri madzulo chikupita kumpoto n'kugona pano, chili ndi anthu awiri a ku Saskatchewan, Wendell Prokop ndi bambo ake, a Ostap. Wendell anali mwamuna wamtali wa zaka makumi asanu ndi kanthu, wa maso a munthu amene anaiwala kugona. Koma kuumira kwake, abale! Petulo ananyamula wa m'zigubu kuchokera ku Dawson kuti asagule wathu. Anapempha madzi otentha aulere, n'kuviika kathumba kamodzi ka tiyi m'makapu awiri, kenako n'kukapachika pagalasi kuti kaume, akagwiritsenso ntchito mawa. Ankagona m'galimoto momwemo, ankadya buledi wa chiponde ndi nyemba za m'chitini. Nditamuuza kuti matayala ake atha ngati chipande chakale, anangoseka n'kunena kuti akafika nawo.

Madalawo anali a zaka makumi asanu ndi atatu ndi chimodzi, ndipo mutu unali utawathawa. Anandiitana dzina la malemu akazi awo. Anandifunsa katatu ngati kapitawo wabwera. Koma nditawerama kuti ndipime mpweya, anatola sipanala n'kundipatsa ya saizi yeniyeni osayang'ana n'komwe. Wendell anati bambo akewo anali m'gulu la anthu amene anamanga msewu uno kalekale, ndipo ankafuna kukaona nyanja kumene msewuwo ukuthera masiku ano.

Lachisanu limeneli mpando wawo unali wopanda munthu.

"Mwabwerako, achimwene?" ndinatero. "Nanga madala aja mwawasiya kuti?"

"Ndawakweza ndege ku Inuvik dzulo. Ulendo unawakulira. Achemwali anga akawalandira ku Regina."

"Nyanja anaiona?"

"Anaiona." Anayang'ana kumbali. "Tayalali mungalimate msanga? Ndikufuna ndikagone ku Dawson."

Munthu wopachika tiyi pagalasi n'kugula tikiti ya ndege? Si ntchito yanga kuwerenga matumba a anthu. Ndinalowetsa jeke pansi, koma nati imodzi inali ya loko, yofuna kiyi yake.

"Kiyi ya manati ili kuti?"

"M'kabokosi ka kutsogoloko, mwina."

Anali atayamba kale kulowera ku khitchini. Ndinatsegula kabokosiko. Munali mapu, makandulo, kiyi ija, ndi botolo la jamu lodzaza madzi. M'madzimo munali mano oikirira, a m'mwamba ndi a m'munsi, akundisekerera.

Ndinamuitana, botolo lili m'manja. Anaima pakhomo la khitchini, ndipo kwa kanthawi nkhope yake inangoti gwa.

"Ndi akale amenewo," anatero. "Ali ndi ena."

"Chabwino. Koma tayala lanuli lang'ambika moipa. Maola atatu."

"Atatu?"

"Mukafuna, pali galaja ina makilomita mazana anayi kutsogoloku."

Tayalalo linali la mphindi makumi awiri. Nditalivula ndinasolola chimene chinalibaya: mwala wakuda wopyapyala, wakuthwa ngati lumo. Mwala umenewu pa msewu waukulu anasiya kuuthira kalekale chifukwa unkatha matayala. Unatsala pa tinjira ta migodi yakale ya miyala, m'mapiri a kumpoto kwathu. Munthu wa matayala otha chonchi ankafunako chiyani?

*

Ndinaimbira apolisi. Konstabo Pelletier anali pa msewu kale, maola awiri kummwera kwathu, pamene thiraki ya simenti inagwera m'ngalande. Ndi mayi wodekha, koma tsiku limenelo mawu ake anali a munthu amene wagona mu yunifolomu.

"Mayi Dolores, kuiwala mano si mlandu."

"Nkhalamba ingakwere ndege ya tsiku lonse popanda mano?"

"Agogo anga anapita ku ukwati opanda nsapato. Ndiwaimbira a ndege, koma ndikafika polankhulika bwino. Ndifika kwanuko cha m'ma wani koloko. Mukakhala ndi china chogwirika, ndimva." Anapuma. "Mwamva za nyengo? Chipale chofewa chigwa madzulo ano, ndi mphepo. Chipata cha pa msewu wa kumapiri achitseka posachedwa."

Zimenezo ndinali nditamva kale. Chipata chikatsekedwa, chimatha masiku atatu kapena anayi. Ngati m'mapirimo munali nkhalamba, inali ndi maola owerengeka.

Ndinatenga wailesi ya ova-ova n'kuitana Percy, amene amawolotsa magalimoto pa pantoni ya mtsinje woyamba kumpoto kwathu. Percy pakamwa pake sipauma.

"Aaa, ndi chibwenzi changa chakale! Mwaganiza zondilola tsopano, achemwali?"

"Ukadzayamba kusamba. Tamvera, Percy. Vani yobiriwira ya ku Saskatchewan, inawoloka liti popita?"

"Ija yokhala ngati yathawa ku manda a magalimoto? Lachitatu masana. Ndinaopa kuti indifera pa pantoni."

"Munali anthu angati?"

"Awiri. Mkulu wamtali woyendetsa, ndi agogo ali m'tulo pambali."

Mtima wanga unatsika, ndipo manyazi anandigwira. Ndiye kuti ndangokhala nkhalamba yamiseche, yotsekereza munthu pa ulendo chifukwa cha botolo la jamu.

"Unawaona nkhope agogowo?"

"Nkhope? Anafunda bulangete mpaka m'khosi, chipewa chitaphimba kumaso. Ndinawapatsa moni, sanayankhe. Ine ndinati, ukalamba ndi wabwino, umagona ngakhale pa msewu wa mabampu."

"Percy, madala amenewo amalankhula ndi pampu ya petulo. Moni sangausiye."

Kenako mawu ake anabwera opanda nthabwala.

"Dikirani kaye. Potsikira pa pantoni pano mukupadziwa, pali chigwembe. Aliyense mutu umagwedezeka, wogona amadzidzimuka. Chipewa chija chinagwa. Mkulu uja anasiya chiwongolero n'kuchibwezera msangamsanga, galimoto mpaka inatsala pang'ono kundiponda phazi. Ine ndinati ndi mwana wachikondi."

"Pansi pa chipewapo unaona chiyani?"

"Ndinali kuthawitsa phazi, mayi. Koma munthuyo sanadzuke. Sanasunthe n'komwe."

Pakati pa ine ndi Percy pali makilomita zana limodzi ndi makumi asanu ndi awiri. Madala aja anachoka pakhomo panga amoyo Lachitatu m'mawa, ndipo pa pantoni panafika bulangete ndi chipewa.

*

Ku khitchini ndinalowera khomo la kuseri. Winnie anali akusankha tizipatso tofiira ta m'dambo, maso ali pa kazenera kopatsira chakudya. Winnie ndi wa konkuno, anabadwira m'hema cha kumtsinje, ndipo salankhula mawu awiri pamene amodzi akwana. Takhala tikutukwanana mwachikondi zaka makumi awiri.

"Mlendo wakoyo waitanitsa nyama yowotcha, mazira atatu ndi khofi," anatero. "Sanafunse mtengo."

"Akudya?"

"Akuyang'ana."

Ndinasuzumira. Wendell anali atakhala pa tebulo la pakona, foloko m'manja, nyama itazizira.

"Mwina chuma chamugwera," ndinatero.

"Chinayamba Lachiwiri."

"Lachiwiri anapempha madzi otentha, iwe."

"Kwa iwe. Kwa ine anagula nkhuni."

Ndinamuyang'ana. Pakhonde pathu timagulitsa mitolo ya nkhuni zowaza kale, ya alendo a magalimoto akuluakulu amene amafuna kujambulitsa zithunzi pa moto. Mtengo wake ngakhale ine umandichititsa manyazi.

"Anagula? Ndi ndalama?"

"Mitolo itatu. Iwe unali utapita kukagoneka msana wakowo. Sananenerere. Anapempha ndi makungwa oyatsira."

"Bwanji sunandiuze?"

"Unandifunsa?"

Ndinatuluka n'kukasuzumira kumbuyo kwa vani. Munali kambaula kawo ka gasi, matiresi, zigubu. Nkhuni munalibe, munatsala tizipalapasa ta makungwa pansi. Ndinaima pamenepo mphepo ikundilowa m'khosi, ndipo mutu wanga wotopawu unayamba kuyenda.

Munthu woumira sagula nkhuni m'dziko la mitengo. Kummwera kwathu ndi nkhalango, ukawoloka mtsinje ndi nkhalango, mitengo youma ili mbwee, yaulere. Malo opanda mtengo ngakhale umodzi ndi m'mapiri mokha, pakati pa ife ndi Percy. Ndipo pabwalo m'mapirimo moto sungayake, mphepo yake imazula chitseko cha galimoto. Nkhunizo zinali za mbaula ya m'nyumba. Tsono anazigula Lachiwiri, asanafike n'komwe kumeneko. Nkhaniyi anabwera nayo kuchokera kwawo.

Migodi ya mwala wakuda ilipo inayi, ndipo ina njira zake ndi zazitali. Kuti tiyendere yonse, chipale chikanatipeza tili pa wachiwiri.

*

Gord Halvorsen anafika ndi gireda yake nthawi ya nkhomaliro, monga amachitira tsiku lililonse. Gord wakhala akusalaza chigawo cha m'mapiri zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri, yekhayekha, ndipo anazolowera kulankhula ngati mawu amagula pa sikelo. Ndinamutchingira asanatsike makwerero.

"A Gord, vani iyo munaionapo?"

Anaiyang'ana nthawi yaitali, ngati akuifunsira mbeta. "Ee."

"Liti?"

"Lero. Mamawa."

"Kuti? Abale, ndizichita kukukokani lilime?"

"Panjira ya mgodi wachitatu. Inaima."

"Tayala?"

"Ayi. Mkuluyo anakwera padenga la galimoto. Dzanja pamphumi, kuyang'ana kum'mawa." Anavula magolovesi mwapang'onopang'ono. "Ndinamuimira. Pano munthu sumudutsa. Anati ali bwino. Analowa kanjirako pang'ono, n'kubwerera chafutambuyo."

Ndiye kumene anatola mwala uja. Kanyumba ka ku mgodi wachitatu ndinali nditakaiwala, chifukwa ndinapitako komaliza malemu amuna anga ali moyo. Kuseri kwa chitunda, makilomita asanu ndi anayi kuchoka pa msewu, kuli kanyumba ka matabwa kamene omanga msewu anasiya. Alenje amakakonza akafuna. Muli bedi la matabwa ndi mbaula yachitsulo.

"Kanyumba kaja kadakalipo?"

"Kalipo. Utsi wake umaoneka pa msewu kukacha bwino."

"Mwauona utsi sabata ino?"

"Lachitatu madzulo. Ndinati ndi alenje. Dzulo mamawa, pang'ono."

"Nanga lero?"

Gord anapukusa mutu. "Lero palibe."

*

Konstabo Pelletier anafika wani koloko itapitirira, matope mpaka m'mawondo. A ndege anali atamuyankha: dzina la Ostap Prokop silinakwere ndege iliyonse. Ndinamuuza zanga tili chiimire pabwalo, mano, chipewa, nkhuni, utsi. Anamvetsera osandidula, kenako tinalowa.

Wendell atationa sanadzidzimuke. Anangoika foloko pansi bwinobwino. Ine ndinaika botolo la mano patebulo, pambali pa mbale yake.

"Bambo Prokop," anatero konstabo, "bambo anu ali kuti?"

"Ndanena kale."

"A ndege akukana."

"Mwina analemba dzina molakwika."

Ndinakoka mpando n'kukhala. "Achimwene, ine si wapolisi, ndine womata matayala. Tandiuzani chinthu chimodzi chokha. Inu amene simunagule ngakhale kapu ya khofi, mitolo itatu ya nkhuni inali ya chiyani?"

Anayang'ana manja ake. Ku khitchini Winnie anasiya kusankha zipatso.

"Kanyumba sukasiya kopanda nkhuni," anatero pomaliza, mawu ali pansi. "Anandiphunzitsa ndi iwowo, ndili mwana. Ukagona m'kanyumba ka m'thengo, pochoka umasiya nkhuni zoyala kale m'mbaula, ndi machesi pamwamba. Wobwera pambuyo pako akhoza kufika zala zitauma. Anandimenyapo chifukwa cha zimenezo." Anaseka kuseka kowawa. "Zonse ndinaziganiza bwino. Bulangete, chipewa, lisiti losonyeza kuti ndinafika ku Inuvik. Koma nditaona mitolo ija pakhonde panu, miyendo inangondipititsa."

"Ali ku mgodi wachitatu?" anafunsa konstabo.

Anagwedeza mutu. "Kanyumbako anamanga nawo. Nkhope yanga anaiiwala, koma kanyumbako amakatchula tsiku lililonse. Titafika anasangalala ngati mwana. Ndinawauza kuti ndikukatenga mafuta."

"Mafuta," ndinatero. "Masiku atatu."

"Zaka zisanu ndi ziwiri, mayi!" Anamenya tebulo, madzi a m'botolo n'kugwedezeka. "Zaka zisanu ndi ziwiri ndikuwasambitsa, kuwapukuta, kuwasaka m'misewu atathawa ndi kabudula wamkati. Ntchito inatha. Mkazi anapita, ndipo sindimuda. Achemwali amaimba foni pa Khirisimasi n'kundiuza kuti ndiwamete bwino. Ku nyumba zosungira okalamba amati dikirani, dzina lili pa mndandanda. Usiku amandimenya ndi ndodo, akuti ndine wakuba, ndabisa mwana wawo. Ine ndatopa. Ndatopa, mayi. Sindikudziwa mawu ena."

Ndinene zoona, ndinamumvetsa, ndipo kumumvetsako kunandinyansa. Amuna anga anadwala zaka zinayi m'kachipinda ka kuseri kwa galaja. Liripo tsiku limene ndinaima panja ndi beseni m'manja, n'kuyang'ana msewu, n'kuganiza kuti ndingoyamba kuyenda osacheukanso. Sindinayende. Koma sindinganame kuti sindinaganize.

"Lero mamawa munakwera padenga kukayang'ana chiyani?" ndinafunsa.

"Utsi." Anakankhira mbale kutali. "Ndinati ndikaona utsi, ndikawatenga. Ndinalumbira. Koma kunalibe. Ndinalowa kanjirako, mtima unandikanika. Sindikanatha kutsegula chitseko chija."

Konstabo anatulutsa unyolo. "Muchitsegula lero. Tiyeni."

*

Tinakwera galimoto ya apolisi, Wendell kumbuyo, ine kutsogolo ndi mabulangete ndi fulasiki ya msuzi imene Winnie anandiponyera. Mano ndinawaika m'thumba la jekete. Gord anatsogola ndi gireda kuti atsegule kanjira, ndipo a pachipata anatilola kudutsa atamva nkhaniyo.

Makilomita makumi asanu ndi anayi amenewo ndi aatali kuposa onse amene ndayendapo. Mitengo inayamba kufupika, kenako inatha. Mapiri anali otuwa, mitambo itawakhalira pamutu. Msana unkandibaya pa bampu iliyonse, ndipo ndinkangowerengera mumtima: mtolo umodzi umatha usiku umodzi ukamasunga. Mitolo itatu ikanayenera kufika lero. Ndiye utsi unalekeranji dzulo? Yankho ndinali nalo limodzi lokha, ndipo sindinkalifuna.

Chipale chinayamba tikukhota pa mgodi. Poyamba tinthu touluka apa ndi apo, kenako mphepo inachitenga n'kumachimwaza chopingasa. Kanjirako kanali koipa, ndipo gireda inachita kukankha miyala iwiri ikuluikulu. Titazungulira chitunda, kanyumba kanaoneka, kakuda, kopendekeka, paipi ya utsi ili njo. Khwangwala mmodzi anali atatera pa paipiyo. Paipi yotentha khwangwala saterapo.

Konstabo anamutsitsa Wendell, koma atafika masitepe atatu kuchoka pakhomo Wendell anaima. Ndinamudutsa n'kukankha chitseko ndi phewa.

M'katimo munkazizira kuposa panja. Maso atazolowera mdima ndinaona zitini ziwiri za nyemba zopanda kanthu, zotsukidwa, zoikidwa bwino pa shelefu. Pansi panali posesedwa. Pa bedi panali thumba logonamo, ndipo m'thumbamo munali kanthu kakang'ono kopindika, kosasuntha.

"Agogo," ndinaitana. "A Ostap."

Zii.

Ndinagwada, mawondo akulira, n'kugwira tsaya lawo. Linali lozizira ngati sipanala ya m'mawa. Kenako diso limodzi linatseguka.

"Kapitawo wabwera?" anatero, mawu akutuluka movutika m'kamwa mopanda mano.

"Ali moyo!" ndinakuwa. "Konstabo, mabulangete! Ali moyo!"

Milomo yawo inali yabuluu, zala zitatuwa, thupi lonse silinkanjenjemera n'komwe, ndipo kuno timadziwa kuti wozizidwa akasiya kunjenjemera ndiye kuti zafika poipa. Moto unkafunika nthawi yomweyo, tisanayambe zowanyamula. Ndinakwawira ku mbaula n'kutsegula kachitseko kake, ndikuganiza kuti ndithyola shelefu ija kuti ndipeze choyatsa.

Mbaula inali yodzaza. Pansi makungwa, pamwamba pake tinkhuni tating'ono towazidwa ndi mpeni, toyalidwa mopingasa, kenako zikuni zazikulu. Zotsala za mtolo wachitatu zinali zitasanjidwa pambali, mwaudongo. Pamwamba pa mbaula panali bokosi la machesi lotsegula pang'ono, timitengo titatu titasololedwa kuti munthu wa zala zouma athe kutola.

Nkhalamba yosadziwa chaka, yosadziwa nkhope ya mwana wake, inawotha mitolo iwiri n'kusiya wachitatu. Inagona tsiku ndi theka pambali pa mbaula yoyala kale.

Ndinatola kamtengo ka machesi. Dzanja lozizira linandigwira pamkono, ndipo mphamvu zake zinandidabwitsa. Anali atadzikoka mpaka m'mphepete mwa bedi.

"Ayi, mayi," anatero. "Izo si zanu."

"Agogo, mwazizidwa. Tiyatse."

"Ndi za mwana wanga. Wapita kukatenga mafuta." Anapuma movutikira. "Ndi patali. Akamafika akhala atazizidwa."

"Tiyatsa pang'ono chabe."

"Ayi!"

Ndikanatha kuwalanda dzanja, nkhalamba yotheratu ngati imeneyo. Koma anayamba kulimbana, kufuna kudzuka, ndipo mtima wa munthu wozizidwa chonchi suchedwa kuima akadzuka mwamphamvu. Konstabo anawafunditsa mabulangete akuwanyengerera, koma dzanja silinandisiye.

Kuwala kwa pakhomo kunatsekeka. Wendell anali ataima pamenepo, manja ali mu unyolo kutsogolo, chipale chili m'tsitsi. Maso ake anali pa mbaula, pa timitengo ta machesi tija. Madalawo anatembenuza mutu n'kumuyang'ana kuyambira kumapazi mpaka kumutu, mwaulemu, monga umayang'anira mlendo.

"Pepani bambo," anatero. "Mwachokera ku msewu? Simunakumane ndi mnyamata wanga? Ndi wamtali ngati inuyo. Wendell."

Ndinamva konstabo akukoka mpweya. Ndinamuyang'ana Wendell ndi maso onse amene ndili nawo. Mumtima ndinkati, lankhula, munthu iwe, chilichonse, bola dzanja ili lindisiye.

Analowa, n'kugwada pafupi ndi bedi, unyolo ukulira.

"Ndakumana naye," anatero.

"Ali bwino?"

"Ali bwino. Wapeza pofunda." Anawakonzera bulangete. "Wandituma. Akuti musamudikire, bambo. Akuti muyatse."

Madalawo anamuyang'anitsitsa, ngati akuyeza ngati mlendoyu ndi wokhulupirika.

"Wanena yekha?"

"Wanena yekha."

"Ndi mwana wabwino," anatero a Ostap. "Saiwala."

Zala zija zinamasuka pamkono panga. Kamtengo koyamba kanathyoka, kachiwiri kanazima. Kachitatu kanagwira. Makungwa anathetheka, moto unakwera m'tinkhuni tija mosavuta, poti woyala anali katswiri.

Ndinatulutsa botolo m'thumba, n'kutenthetsa mano aja m'manja mwanga kuti asawazizire m'kamwa. Wendell anatambasula manja ake omangidwawo.

"Ndipatseni," anatero. "A m'munsi amayamba. Akapanda kutero amawalavula."

Ndinayang'ana konstabo. Konstabo anayang'ana kumoto. Ndinamupatsa.